Ollie ikukana? Yambani mwaona kumene thabwa lagwera

Pafupifupi aliyense wophunzira skateboard, thabwa la matayala anayi limene munthu amayendera ataimapo, amakakamira pamalo amodzi. Kukankha waphunzira, kukhota akukhota, koma akangoti adumphe limodzi ndi thabwa, zinthu zimaima njii. Sabata imatha, ina n'kubwera, mwezi n'kukwana, thabwa likungogogoda pansi osanyamuka, kapena likunyamuka n'kuthawira kwina mwini wake atatsala chiimire. Kudumpha kumeneku, kumene munthu amanyamuka ndi thabwa popanda kuligwira ndi manja, ndiko amati ollie. Kickflip ndi heelflip (kudumpha kogubuduza thabwa m'malere), kukwera pa chitunda cha simenti, zonsezo zimayambira pa ollie, n'chifukwa chake ikakana imapweteka mtima kuposa china chilichonse.

Ambiri akalephera amangobwereza mwaukali, kakhumi, ka makumi awiri, osayang'ana n'komwe chimene chachitika. Komatu thabwa silinama. Kumene lagwera ndi mmene lagwerera zimakuuzani chiwalo cha thupi lanu chimene chalakwitsa. Likathawira kutsogolo vuto ndi lina, likapotoka vuto ndi lina, likaimirira tsonga mutu wake, nsonga yakutsogolo, uli m'mwamba vuto ndi linanso. Choncho mukalephera musathamangire kukalitola. Imani kaye pamene mwateropo, muone kumene lili ndi kumene laloza.

Dzina lakuti ollie linachokera kwa Alan Gelfand, mnyamata amene anakulira ku Florida, yemwe anzake ankamutcha Ollie. Iye anatchuka ndi kadumphidwe kameneka cha mu 1978, koma ankachitira m'maenje a simenti ozungulira ngati mbale, mmene liwiro ndi kupendekeka kwa khoma zimamuthandiza munthu kuuluka. Amene anaonetsa kuti zingatheke pansi posalala ndi Rodney Mullen, mu 1982. Ndatchula izi pa chifukwa chimodzi: pansi posalala palibe chokuponyani m'mwamba. Msinkhu wonse umene thabwa lingafike uyenera kuchokera m'mapazi mwanu, ndipo zonse zimachitika m'nthawi yosakwana sekondi imodzi.

Mukaika supuni patebulo n'kugogoda nsonga yake ndi chala, mbali inayo imadzuka. Thabwa limachitanso chimodzimodzi. Phazi lakumbuyo limamenya mchira, kutanthauza nsonga yakumbuyo yopindikira m'mwamba ija. Thabwa limapendekeka pa matayala akumbuyo, mutu n'kudzuka, mchira n'kugunda simenti n'kunjanja. Pamenepo thabwa lonse lachoka pansi koma lili chopendekeka. Phazi lakutsogolo limatsetsereka pa chipepala chokhakhala cha pamwamba pa thabwa chimene amati grip tape, kulowera kumutu, n'kulikankhira kutsogolo kuti ligone bwino m'mwamba. Kenako mawondo onse awiri amakwera kuti thabwa lipeze mpata, munthu n'kutera. Vuto lililonse limene tikambe pano lili pa chimodzi mwa zimenezi.

Kodi mukutha kuyenda?

Funsoli limakwiyitsa, koma ndilo loyamba. Anthu ambiri amene ollie ikuwakana sanazolowere thabwa lenilenilo. Amaphunzira kudumpha ataima pamodzi, pa kapeti kapena pa kapinga, chikhalirecho sangathe kuyenda mamita 50 osatsika. Dziyeseni motere: kankhani katatu kapena kanayi, muyende, mukhotere kumanzere ndi kumanja, mutukule matayala akutsogolo pang'ono n'kutembenuza thabwa kuti liloze kumene mwachokera, kenako muime pogwiritsa ntchito phazi. Ngati mukuchita zimenezi mtima uli phaphapha, siyani kaye ollie kwa masabata angapo, muziyenda basi. Si kubwerera m'mbuyo. Miyendo ikazolowera, theka la mavuto ali m'munsimu limatha lokha.

Onetsetsaninso kuti mwasankha phazi loyenera kutsogolera. Otsogoza lamanzere amati regular, otsogoza lamanja amati goofy, ndipo palibe choposa chinzake. Chofunika n'chakuti muzikankha ndi phazi lakumbuyo, lakutsogolo litaponda pafupi ndi mabawuti akutsogolo, omwe amalumikiza thabwa ndi chitsulo chogwira matayala. Kukankha ndi phazi lakutsogolo, kumene amati mongo, kumakuchedwetsani kukonza mapazi nthawi yodumpha ikafika.

Mchira ukugunda koma thabwa silinyamuka

Ili ndi vuto la m'masiku oyamba. Mutu umadzuka, mchira umafika pansi, kenako zonse zimabwerera pansi, matayala akumbuyo osachokako n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti mukuponda mchira m'malo moumenya. Mukauponda, kulemera kwanu kumatsikira pomwepo n'kuupanikiza pa simenti, ndiye unjanja bwanji munthu ataukhalira? Nthawi imene mchira ukugunda pansi, thupi lanu liyenera kukhala litayamba kale kukwera. Mumadumpha kaye, ndipo kumenya mchira ndi kanthu kotsiriza kamene kakolo kamachita pamene phazi likuchoka. Ganizani kuti mukudumpha ndi mwendo wakumbuyo wokha, kenako bondo la mwendo umenewo mulikokere kuchifuwa msangamsanga.

Makutu angakuthandizeni pano. Mchira womenyedwa bwino umalira mwachidule, kuti pha! Wopondedwa umalira mogontha, nthawi zina n'kukwekwereza. Mukamva kukwekwereza dziwani kuti phazi lachedwa pansi.

Yang'ananinso pamene phazilo laponda. Pa nsonga ya mchira payenera kukhala kutsogolo kwa phazi, pansi pa zala paja, chidendene chili m'malere. Mukaponda ndi phazi lonse kakolo kamauma, ndipo mphamvu imachokera m'ntchafu, zimene zimachedwa. Phazi lakutsogolo likhale kumbuyo pang'ono kwa mabawuti akutsogolo. Ena amakuuzani kuti mulibwezere pakati penipeni pa thabwa kuti mukwere kwambiri. N'zoona, koma kwa woyamba kumangowonjezera kugwedera. Msinkhu udzabwera pambuyo.

Pali kamasewera kamodzi kamene kamathandiza: mukuyenda pang'onopang'ono, mapazi ali pa mabawuti, dumphani nokha osamenya mchira, thabwa lipitirire pansi panu, mutere pomwepo. Amati hippie jump. Kakuphunzitsani kuti thupi limadumpha palokha, osadalira mchira.

Thabwa laima tsonga, mutu m'mwamba

Apa mchira wanjanja, thabwa lanyamuka, koma silikugona. Limakwera chopendekeka n'kutsika chopendekeka, matayala akumbuyo kuyamba kufika. Anthu a masewerawa amati rocket. Olakwa amakhala awiri, ndipo nthawi zambiri amalakwira limodzi.

Woyamba ndi phazi lakutsogolo limene limangokwera m'mwamba osapita kutsogolo. Phazi liyenera kupendekeka kuti mbali ya nsapato, cha ku kachala kakang'ono, ndiyo ikhudze grip tape, kenako likafika pamene mutu wapindikira, likankhe molowera kumene mukupita. Kukankha kumeneko ndiko kumadzutsa mchira. Umboni uli pa nsapato yanu. Munthu amene akutsetsereza phazi bwino, nsapato yake yakutsogolo imayamba kuperepeseka cham'mbali, pafupi ndi zingwe. Ngati mwakhala mukuyesa kwa mwezi koma nsapato ikadali yosalala ngati yatsopano, phazi silikutsetsereka. Yesani mutaima: pondani mchira pansi, thabwa lipendekeke, muzitsetsereza phazi kuchoka pakati kufika kumutu mobwerezabwereza mpaka kakolo kazolowere kupindika.

Wachiwiri ndi mwendo wakumbuyo. Ngakhale phazi lakutsogolo litagwira ntchito yake bwino chotani, mchira sungakwere kupyola pamene phazi lakumbuyo lili. Mwendo ukatsala wowongoka, mchira umaugunda n'kubwerera. Ambiri amakhulupirira kuti akupinda bondo limeneli, koma akadziona pa kanema amadabwa kupeza mwendo uli njoo.

Thabwa likupotoka

Pano ndichedwapo, chifukwa ili ndi vuto limene limakhalitsa, ndipo limagwira ngakhale anthu amene ollie yawo ikukwera kale. Mumadumpha bwino, koma potera thabwa laloza cham'mbali, mwina pang'ono, mwina mpaka kupingasa njira. Mukaima pamodzi sizioneka zoopsa. Mukamayenda, thabwa lopingasa limaima mwadzidzidzi, inu n'kupitirira.

Anthu amayamba kusintha mapazi, kusuntha ichi, kusuntha icho, koma gwero nthawi zambiri lili kumtunda, m'mapewa. Pa skateboard munthu amayenda cham'mbali. Thupi silinazolowere zimenezi, limafuna kuyang'anizana ndi kumene likupita. Ndiye mukangonyamuka, phewa lakutsogolo limabwerera m'mbuyo, chifuwa n'kutembenukira kutsogolo. Chiuno chimatsatira mapewa, miyendo imatsatira chiuno, thabwa limatsatira miyendo. N'chifukwa chake ambiri thabwa lawo limapotokera mbali imodzimodzi nthawi zonse: mutu umalowera kumbali ya zidendene.

Choyamba, pezani mzere. Ukhoza kukhala polumikizana simenti, kapena mujambule ndi choko. Ikani thabwa motsatira mzerewo kuti muziona bwinobwino kuti lapotoka motani. Chachiwiri, musananyonyomale yang'anani mapewa anu: phewa lakutsogolo likhale pamwamba pa mutu wa thabwa, lakumbuyo pamwamba pa mchira. Ambiri amapezeka kuti atembenuka kale asanadumphe n'komwe, makamaka akangomaliza kukankha, chifukwa pokankha chifuwa chimayang'ana kutsogolo ndipo amaiwala kuchibweza. Chachitatu, manja. Podumpha manja amakwera, n'zachibadwa, koma akwere molunjika, asazungulire. Ena zimawathandiza kuloza dzanja lakutsogolo kumutu kwa thabwa kuyambira ponyamuka mpaka potera. Ena amachita kupitiriza muyeso, kutembenuza mapewa pang'ono kumbali inayo, kuti thupi likamafuna kutembenuka lingofika pakati. Zonse ziwiri n'zoyenera kuyesa. Maso akhale pa phazi lakutsogolo kapena pa mutu wa thabwa. Mukadzutsa nkhope kuyang'ana patali, khosi limakoka mapewa.

Mapewa akakhala bwino koma thabwa likupotokabe, pamenepo tsikirani ku mapazi. Phazi lakumbuyo liyenera kumenya molunjika pansi, pakati pa mchira. Likakhala m'mphepete, kapena likamamenya mokokera kumbuyo, limapereka kamphamvu kozunguza thabwa. Phazi lakutsogolonso likamatsetsereka mopingasa m'malo molunjika kumutu, limakokera mutu kumbali, nthawi zina mpaka thabwa kuyamba kugubuduka ngati mukufuna kickflip.

Chodabwitsa n'chakuti cholakwa chimenechi ndicho chiyambi cha frontside 180, kudumpha kotembenuka theka. Amene akuvutika ndi kupotoka amadzaiphunzira msanga. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, panopa tikufuna thabwa lowongoka.

Thabwa lathawa, inu mwatsala

Izi n'zosavuta kuwerenga. Likathawira kutsogolo inu n'kugwa chagada, kulemera kwanu kunali kumbuyo. Zimachitika chifukwa pofuna kumenya mchira mwamphamvu munthu amatsamira ku mwendo wakumbuyo. Likatsalira kumbuyo inu n'kutera patsogolo pake, mwadumphira kutsogolo. Ponyonyomala, mutu wanu ukhale pakati pa mapazi awiri, ndipo ukhale pomwepo mpaka mutatera.

Pali kuthawa kwina, kwa cham'mbali. Mumatera pansi n'kupeza thabwa lili patsogolo pa zala zanu. Si thabwa lasuntha, ndinu mwadumphira chambuyo. Gwero lake ndi kanyonyomalidwe: mwawerama m'chiuno, matako n'kutulukira kumbuyo, kulemera n'kupita ku zidendene. Pindani mawondo, msana usawerame kwambiri, kulemera kukhale kutsogolo kwa mapazi. Musanyonyomalenso mpaka pansi. Munthu akatsika kwambiri amagwedera asanadumphe, ndipo amanyamuka ali kale chopendekeka.

Phazi limodzi likutera pansi

Thabwa likukwera, likugona bwino, koma nthawi zonse phazi limodzi, kawirikawiri lakumbuyo, limakatera pa simenti. Apa luso lilipo. Chatsala ndi mantha, ndipo palibe chochititsa manyazi, thupi likudziteteza. Choipa chake n'chakuti mukabwereza kambirimbiri, thupi limaphunzira kuti ollie imatha choncho, ndiye chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa kusiyana ndi mantha enieniwo.

Chepetsani msinkhu. Ollie ya masentimita 5 yotera mapazi onse awiri ndi yaphindu kuposa ya masentimita 30 yotera phazi limodzi. Gwirani chitsulo cha mpanda kapena manja a mnzanu, mudumphe kangapo kuti miyendo ilawe kutera pamwamba pa thabwa. Mungathenso kulowetsa matayala akumbuyo mu mng'alu wa simenti kuti thabwa lisayende. Koma zothandizira zimenezi musakhale nazo nthawi yaitali. Wogwira mpanda amatsamira ku mpandawo, ndipo pa kapinga mchira sunjanja bwino, choncho mukazolowera mudzayambiranso kuphunzira mukabwerera pa simenti.

Mantha amachepa munthu akadziwa kugwa. Anthu ambiri a skateboard amavulala polumikizira dzanja ndi mkono, chifukwa chotchinjiriza ndi dzanja lowongoka, komanso amabinya kakolo. Mukaona kuti mukugwa, pindani zigongono, bisani chibwano, mulole thupi ligubuduke pa phewa. Yeserani pa kapinga popanda thabwa. Helimeti valani, chifukwa kugwa chagada pamalo osalala ndiko kumamenyetsa nkhongo pa simenti, ndipo sikusowa liwiro. Zoteteza manja ndi mawondo zimathandizanso munthu kulimba mtima. Mukamenyetsa mutu n'kumva chizungulire, nseru kapena kusokonezeka, masewera athera pomwepo, pitani kuchipatala.

Potera, lozani mabawuti, phazi lililonse pamwamba pa mabawuti ake, mawondo opinda. Pamenepo ndi pamene thabwa lili lolimba. Kutera mapazi onse pakati, kapena phazi kunsonga kwenikweni, ndiko kumathyola matabwa.

Mutaima ikutheka, mukuyenda ikukana

Pafupifupi aliyense amadutsa pamenepa. Maganizo amakuuzani kuti popeza thabwa likuyenda, muyenera kudumphira kutsogolo kuti mulipeze. Ayi. Thupi lanu likuyenda kale pa liwiro lofanana ndi thabwa, monga mmene munthu wodumpha m'sitima yoyenda amaterera pamalo omwewo. Dumphani molunjika m'mwamba, basi.

Musayende mochedwetsa kwambiri. Thabwa loyenda ngati nkhono limagwedera, ndipo kamwala kakang'ono kamaliimitsa. Liwiro la munthu woyenda mofulumira ndi labwino poyambira. Sesani malo musanayambe, tsache ndi chida cha skateboard ngati sipanala. Konzani mapazi msanga mukangomaliza kukankha, muwerenge mumtima kufika pa ziwiri thupi litakhazikika, kenako mudumphe. Ikayamba kutheka, pezani chodumpha. Yambani ndi mng'alu, kenako chingwe, kenako kandodo kopyapyala. Chinthu chooneka chimakukakamizani kukweza mawondo kuposa kudumpha pachabe. Matayala akutsogolo akamagunda kandodo, mwachedwa kumenya mchira. Akumbuyo akamagunda, mwafulumira, kapena liwiro lachepa, kapena bondo lakumbuyo silinakwere.

Pamene vuto lili pa thabwalo

Nthawi zambiri woyamba akamadandaula thabwa, vuto limakhala la iye mwini. Koma osati nthawi zonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akudzida kwa miyezi pa chida chimene ngakhale katswiri angavutike nacho. Njira yachidule ndi kupempha munthu wodziwa kuti ayese thabwa lanu, inunso muyese lake.

Thabwa labwino limapangidwa ndi zigawo 7 za mtengo wa maple zomatidwa pamodzi, ndipo kuuma kwake ndiko kumalichititsa kunjanja. Likanyowa ndi mvula kapena likasungidwa pachinyezi, limafewa, limalemera, ndipo kulira kwake kumagontha. Silibwereranso. Mchira nawo umatha. Mukamaima poukwekwereza pa simenti, umaperepeseka mpaka kukhala wakuthwa ndi waufupi, ndipo mchira wotero sunjanja. Yerekezani ndi mutu, muona kusiyana. Mukadali pomwepo, onetsetsani kuti simukuliyendetsa chambuyo: pa matabwa ambiri mutu umakhala wotalikirapo ndi wopindika kwambiri pang'ono kuposa mchira.

Mtundu wa thabwa ndi nkhaninso. Longboard, thabwa lalitali loyendera, ndi timatabwa tapulasitiki toyendera sizinapangidwire ollie. Matabwa otchipa ogulitsidwa ngati zidole, okhala ndi zitsulo zofooka kapena zapulasitiki ndi matayala osazungulira, amagwetsa mphwayi. Thabwa la masewera apansi limakhala lotambalala mainchesi 7.75 mpaka 8.5, ndipo la mainchesi 8, omwe ndi pafupifupi masentimita 20, limakwanira anthu ambiri. Matayala ake amakhala a mamilimita 50 mpaka 54, olimba cha pa 99A pa muyeso wa kulimba kwa matayala. Matayala akuluakulu ofewa, monga a 78A, amayenda mosalala pamalo okhakhala, koma amalemera ndipo amakweza thabwa, mwakuti mchira umayenda mtunda wautali usanagunde pansi.

Ngati thabwa likugwedera kwambiri mukamanyonyomala, yang'anani ma truck, zitsulo ziwiri zogwira matayala zija. Lililonse lili ndi bawuti wamkulu pakati, amati kingpin, wodutsa m'timphira tiwiri. Mangani nati yake pang'ono, mwina theka la kuzungulira, n'kuyesa. Musamange mpaka timphira kuphwanyika n'kutuluka m'mbali, chifukwa mudzalephera kukhota. Ma truck okhwefuka kwambiri amabweretsanso vuto lina: potera chopendekeka tayala limakhudza thabwa n'kuima nthawi yomweyo. Mukatembenuza thabwa n'kuona mabala ozungulira pa thabwalo moyang'anizana ndi matayala, n'zimenezo. Thabwa latsopano likamakhotera mbali imodzi lokha, kawirikawiri ndi timphira tosazolowera, timakhazikika mukayenda masiku angapo. Tayala lililonse lili ndi ma bearing awiri, tizitsulo tozungulira tolithandiza kuzungulira mosavuta, ndipo nati ya tayala ikamangidwa kwambiri imawapanikiza. Tayala lizitha kugwedera pang'ono kwambiri cham'mbali. Sipanala ya skateboard yooneka ngati T ili ndi milomo itatu ya ntchito zonsezi: 9/16 ya inchi ya kingpin, 1/2 ya matayala, ndi 3/8 ya mabawuti a thabwa.

Grip tape yodzaza fumbi kapena yotha siigwira nsapato, ndiye phazi limatsetsereka popanda kukoka thabwa. Itsukeni ndi bulashi yolimba, osathira madzi ambiri. Nsapato zikhale za pansi posalala. Zothamangira zokhala ndi chidendene chokhuthala zimakubisirani thabwa, simulimva, ndipo n'zosavuta kubinya nazo.

Shuvit ndi kickflip zimawerengedwa chimodzimodzi

Ollie ikakutopetsani, shuvit ndi popumira pabwino, chifukwa siifuna ollie. Thabwa limazungulira theka chogona, inu mutadumpha pang'ono. Ntchito yonse ndi ya phazi lakumbuyo, limene limakokera mchira kumbuyo kwanu. Lakutsogolo limangonyamuka n'kudikira pamwamba. Thabwa likamagudubuka n'kugwa matayala m'mwamba, mwakoka mwamphamvu kwambiri kapena mwakanikiza m'mphepete. Likamatera patsogolo pa zala zanu, ndi khalidwe lake, dumphirani kumeneko pang'ono mukalipeze.

Kickflip, imene Rodney Mullen yemwe uja anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi ollie yokhala ndi kamenyedwe ka zala kumapeto. Cholakwa chofala ndi kumenya molowera pansi. Thabwa limagudubuka ndithu, koma phazi limafika pa simenti thabwa lisanatere, ndiye simungaliponde. Phazi liyenera kutsetsereka ngati la ollie n'kutulukira pa ngodya ya mutu, kumbali ya chidendene, molowera kutsogolo ndi m'mwamba. Maganizo anga ndi akuti musaiyambe ollie yoyenda isanakhazikike. Mapewa otembenuka ndi bondo losakwera zimakutsatirani ku kickflip, ndipo kumeneko zimavuta kuziona chifukwa maso ali pa thabwa logudubuka.

Pamene maso anu sakukwanira

Zonse zimene ndalemba zikudalira kuti muone chimene chikuchitika, koma muli m'mwamba simungadzione. Zimene mukumva m'thupi ndi zimene mukuchitadi zimasiyana kwambiri. Foni ndiyo ingakuweruzeni. Iikeni pansi, motsamira njerwa kapena botolo, moyang'ana mbali ya thabwa, patali mokwanira kuti thupi lonse lioneke kuyambira mutu mpaka matayala. Ngati ili ndi njira yojambula mochedwetsa, igwiritseni ntchito. Jambulani maulendo asanu otsatizana, osasankha abwino okha, chifukwa mukufuna cholakwa chimene chikubwerezeka.

Jambulani kumayambiriro, mutangotenthetsa thupi. Miyendo ikatopa ollie imatsika ndipo zolakwa zatsopano zimabadwa, zomwe si zanu zenizeni. Mphindi 20 kapena 30 za kudumpha n'zokwanira pa tsiku, nthawi yotsalayo muziyenda. Msongolo kapena bondo likamapweteka tsiku lotsatira, pumulani.

Poonera, imitsani kanema pamalo atatu. Pamene mchira ukukhudza pansi: kodi thupi layamba kale kukwera, kapena mukadali chonyonyomala? Pamene thabwa lafika pamwamba penipeni: mawondo onse awiri apinda mofanana, ndipo phazi lakutsogolo lafika kumutu? Pamene matayala akukhudza pansi: mutu wanu uli pakati pa mapazi? Kenako sunthani foni, muiike kutsogolo kwa thabwa moyang'anizana ndi mutu wake, mujambulenso. Kuchokera pamenepo muyenera kuona phewa limodzi lokha, lakutsogolo, litabisa linzake. Mukaona chifuwa, mwapeza chimene chikupotoza thabwa. Sankhani cholakwa chimodzi, chimene chikuyamba kuonekera mu kanemayo, mulimbane nacho chokha kwa masiku atatu kapena anayi musanajambulenso.